Andiitana ku intavyu, koma ndili pantchito: ndinamenso?

Zikomo achemwali,

Ndine mayi wa zaka 31, ndimagwira ntchito yowerengera ndalama pakampani ina ndipo ndakhalapo zaka zisanu. Timalowa 7:30 m'mawa n'kuweruka 5 koloko madzulo, Lolemba mpaka Lachisanu, ndipo kumapeto kwa mwezi timaweruka kutada. Malipiro anga sanasinthe kwa zaka zitatu, ndiye ndayamba kufunsira ntchito kwina. Pano malo awiri andiyankha. Ena akuti ndikaonekere Lachiwiri sabata yamawa 10 koloko m'mawa, ena akuti tilankhulane pa vidiyo kudzera pa pulogalamu ya Zoom Lachinayi 2 koloko masana. Mwezi watha ndinanama kuti dzino likundiwawa kuti ndipite ku intavyu ina, ndipo ntchitoyo sindinaipeze. Mnzanga akuti ulendo uno ndingonena kuti mwana wadwala. Kupempha kuti andisinthire tsiku ndikuopa, angaganize kuti ntchitoyo sindikuifunitsitsa. Abwana anga amandikhulupirira kwambiri ndipo mtima ukundipweteka. Ndasowa mtengo wogwira.

Ine mng'ono wanu wothedwa nzeru

Achemwali anga,

Ndiyambe ndi za mwanazo, chifukwa ndi zimene zandikhudza kwambiri m'kalata yanu. Chonde musanene kuti mwana wadwala. Bodza limenelo silithera tsiku limodzi. Mawa lake mnzanu wa desiki yoyandikana nanu adzakufunsani kuti mwana wadzuka bwanji, ndipo mudzayankha. Abwana adzafunsa kuti kuchipatala anati ndi chiyani, mudzapekanso china. Ndipo tsiku limene mwanayo adzadwaledi, thupi likutentha usiku wonse, mudzaimba foni yopempha chilolezo muli ndi mantha kuti mwina sakukhulupirirani.

Ndikunena zimene ndinazionapo ndekha. Ndili wamsinkhu wanuwu ndinaimbira abwana anga m'mamawa, mawu nditawafooketsa, kuwauza kuti mutu wandigwira kwambiri. Ndinapita ku intavyu. Madzulo ake ndikuvula nsapato pakhomo, foni inalira. Anali iwowo. Anafunsa ngati ndamwa mankhwala, nandiuza kuti lipoti limene ndimayenera kupereka tsikulo alimaliza okha, ndisade nkhawa, ndipo ngati sindinapezebe bwino ndipumenso mawa. Ndinaima pakhomo paja nsapato imodzi ili m'manja, kukamwa kutauma. Ntchito ija ndinaipeza. Koma tsiku lokatsanzika anawerengera masiku n'kuzindikira. Sanandikalipire. Anangoti ndikanawapempha tsiku akanandipatsa. Papita zaka zambiri, ndipo kuyambira pamenepo ndagwira ntchito mu ofesi yoona za ogwira ntchito, kulemba anthu ndi kuwatsanzika, koma nkhope yawo ya tsiku lija sinandichoke m'maso.

Palinso china chimene mnzanuyo sanakuuzeni. M'malo ambiri antchito kunama kuti ukudwala ndi mlandu wolembedwa m'malamulo a kampani, ndipo munthu akhoza kuchenjezedwa kapena kuchotsedwa nawo. Ena amafuna kalata ya dokotala. Ndipo abwana amene mukuwanamizawo ndi omwewo amene tsiku lina kampani yatsopano idzawaimbira kufunsa za khalidwe lanu. Inu mumagwira ndalama za anthu. Pantchito yanu, kukhulupirika ndi katundu amene mukupita naye kumsika.

Tsono mutani? Pemphani kuti akusinthireni nthawi. Ndikudziwa kuti n'chimene mukuopa, ndiye ndikuuzeni mmene nthawi ya intavyu imaikidwira, monga munthu amene wakhala akutumiza maimelo oterowo. Amene wakulemberani uja nthawi zambiri sanasankhe 10 koloko ya Lachiwiri chifukwa ndi yopatulika. Ali ndi anthu atatu kapena anayi oti adzakhale pagulu lofunsa mafunso, wayang'ana makalendala awo, wapeza pamene onse ali ndi mpata, n'kuyamba kugawa maola kwa amene aitanidwa. Inu mwangogwera pa 10 koloko monga mmene wina wagwera pa 11. CV yanu anaiwerenga. Akudziwa kuti muli pantchito, ndipo mwina n'chifukwa chakenso akuitanani. Munthu wonena kuti sangathawe pantchito popanda kukonza bwino, ife ofunsa timamuona kuti adzatichitiranso chimodzimodzi tikamulemba. Sindikumbuka kuti tinamusiyapo munthu chifukwa anapempha mwaulemu ola lina. Amene tinawasiya ndi amene anavomera nthawi kenako osabwera, kapena kuimba patatsala mphindi khumi. Akuluakulu anati safunsa anadya phula.

Koma kapemphedwe kake kali ndi njira. Yankhani tsiku lomwelo limene uthenga wafika, musagone nawo. Yambani ndi kuthokoza ndi kunena momveka kuti ntchitoyo mukuifuna. Kenako musangoti nthawiyo siitheka n'kuwasiyira mtolo wofufuza ina. Apatseni nthawi ziwiri kapena zitatu zoti asankhepo. Mwachitsanzo: "Zikomo kwambiri pondiitana, ndine wokondwa kudzakumana nanu. Popeza ndili pantchito, kodi zingatheke kuti ndibwere Lachinayi m'mawa, kapena Lachiwiri lomwelo 8 koloko? Ngati sizingatheke, ndiuzeni ndipo ndikonza zoti ndifike pa nthawi imene mwaikayo." Chiganizo chomalizacho n'chofunika. Chimawaonetsa kuti simukukana, mukungofunsa.

Mwaona kuti ndatchula Lachinayi m'mawa. Ndachita dala. Muli kale ndi ya pa Zoom Lachinayi masana. Akakulolani kusamutsira ya Lachiwiri ija ku Lachinayi 9 koloko, mupempha tsiku limodzi lokha latchuthi n'kumaliza zonse ziwiri: m'mawa mukaonekere, mubwerere kunyumba, mupume, 2 koloko mukhale pa Zoom m'chipinda chanu chitseko chitatsekedwa. Siyani mpata wokwanira pakati, maola atatu kapena kuposa, chifukwa intavyu yokaonekera simadziwika pothera pake.

Pali nthawi zina pamene sangasinthe, ndipo musakhumudwe nazo. Mabungwe akuluakulu ndi maofesi aboma kawirikawiri amakhala ndi gulu limene limakumana tsiku limodzi lokha, mwina ena mwa iwo achokera kutali. Mayeso olemba nawonso amalembetsa onse pa ola limodzi kuti mafunso asatuluke. Zikatero pemphani kuti mukhale woyamba kulowa. Ambiri amakonda kupempha nthawi yomaliza, cha m'ma 4 koloko, poganiza kuti angoweruka msanga pang'ono. Ine ndimalangiza ya m'mawa. Munthu woyamba amalowa pa nthawi yake. Koma aliyense akapitirira ndi mphindi khumi, wachisanu ndi chimodzi amapeza kuti wadikira pafupifupi ola lathunthu pabenchi, ndipo ofunsawo atopa. Komanso tsiku lantchito likayamba silikusiyani mwamtendere: 3 koloko mukunyamula chikwama, abwana akubwera ndi fayilo yofunika lero lomwe.

Musaiwale kufunsa zinthu zitatu musanapemphe tchuthi: intavyuyo itenga nthawi yaitali bwanji, pali mayeso olemba kapena ayi, ndipo pali magawo angati. Malo ambiri masiku ano amayamba ndi kucheza kwachidule pafoni, kenako gulu lofunsa mafunso, kenako kukumana ndi mkulu wa kampani. Mukadziwa kuti magawo ndi atatu, mukhoza kupempha kuti awiri omalizawo achitike tsiku limodzi. Ine pempho limenelo ndalivomerapo kambirimbiri, chifukwa nafenso limatichepetsera ntchito.

Mvetseraninso mmene akuyankhireni. Akakuyankhani mwaulemu, ngakhale akane, ndi anthu oti mungagwire nawo ntchito. Koma amene akukuimbirani 11 koloko kuti mufike 12 koloko, apo ayi muiwale, pomwe akudziwa kuti muli pantchito, akukuonetsani lero mmene adzaonere nthawi yanu mukadzalowa.

Tsopano za kuntchito kwanu. Njira yoyera ndi tchuthi chanu cha pachaka. Masiku amenewo si mphatso ya abwana, ndi gawo la malipiro anu. Bungwe loona za ntchito padziko lonse la ILO, mu pangano lake nambala 132 la mu 1970, linaika kuti munthu amene wagwira ntchito chaka chathunthu azipuma masabata osachepera atatu akulandira malipiro. Si mayiko onse amene anavomereza panganolo, ndipo dziko lililonse lili ndi lamulo lake, ndiye tsegulani kontirakiti yanu usiku uno muone kuti muli ndi masiku angati, mwatenga angati, ndipo amafuna muwadziwitse kutatsala masiku angati. Onaninso ngati amalola kutenga theka la tsiku. Akamalola, masiku asanu amasanduka mipata khumi.

Popempha, simukuyenera kufotokoza chimene mukukachita. Lembani fomu, kapena nenani kuti, "Bwana, ndikupempha Lachinayi likudzali, ndili ndi nkhani zanga zofunika kukonza." Basi. Ena amandifunsa ngati kumeneko sikunamanso. Ayi. Kusunga nkhani yako mumtima ndi kupeka nkhani yabodza ndi zinthu ziwiri zosiyana. Nkhani yofunika kukonza muli nayodi, ndipo ndi yanu. Akafunsitsa kuti nkhani yanji, mwetulirani n'kunena kuti ndi zaumwini, palibe choopsa, ndipo ntchito ya tsikulo mwaikonza kale. Musawonjezere. Anthu ambiri amagwa m'bodza osati chifukwa afunsidwa, koma chifukwa aona kuti pakhala chete ndiye akufuna kudzazapo mawu.

Ndipo ntchitoyo muikonzedi. Lachitatu malizani zimene zikanadikira Lachinayi, siyani kakalata konena pamene mwafika, uzani amene adzakugwirireni kuti mafayilo ali pati. Inu mukudziwa kuti sabata yotseka mabuku a mwezi simungachoke, ndiye muziwauziratu okuitananiwo kuti masiku amenewo ndi ovuta. Aliyense amene akufuna wowerengera ndalama amvetsa msanga, ndipo mwina akulemekezani nazo.

Ndikhale pang'ono pa nkhani ya Zoom, chifukwa apa ndi pamene anthu ambiri amadzinyenga. Amaganiza kuti popeza sakuyenda ulendo, angozemba mphindi makumi atatu osapempha chilolezo. Tsiku lina tinkafunsa mnyamata wina waluso kwambiri, mapepala ake anali abwino kuposa a onse. Kamera itatseguka tinamuona ali m'galimoto, mawindo atatseka, thukuta likutsika, m'khosi muli chingwe cha chiphaso cha kampani imene ankagwirako. Ankalankhula monong'ona, maso ali uku ndi uku. Pafunso lachitatu munthu anagogoda pawindo. Tinangoona denga la galimoto, kenako mdima. Anatiimbira madzulo mawu akunjenjemera. Tinamupatsa tsiku lina chifukwa tinamumvera chisoni, ndipo ulendo wachiwiriwo ali kunyumba anali ngati munthu wina, wodekha, woyankha mwanzeru. Koma si gulu lililonse limene limapereka mwayi wachiwiri.

Choncho intavyu ya pa Zoom, Microsoft Teams kapena Google Meet muziitenga ngati yokaonekera. Ikufuna chipinda chabata, foni kapena laputopu yodzadza moto, intaneti yokwanira ola lathunthu, ndi mahedifoni. Yesani linki usiku wake, chifukwa nthawi zina pulogalamuyo imafuna kuti muiike kaye kapena muikonzenso, ndipo zimenezo si zoti muzizione patatsala mphindi ziwiri. Ngati okufunsaniwo ali kudziko lina, funsani kuti 2 kolokoyo ndi ya kwawo kapena ya kwanu. Ndipo musagwiritse ntchito laputopu ya kampani, imelo ya kampani, kapena intaneti ya mu ofesi. Zipangizo zimenezo ndi zawo, ndipo amene amaziyang'anira akhoza kuona zimene zadutsamo. Ndaonapo CV itaiwalika pa makina osindikizira, ndaonaponso mawu akuti intavyu atalembedwa pa kalendala imene ofesi yonse imaiona.

Nthawi yopuma masana imakwanira kucheza kwa pafoni kwa mphindi 15 kapena 20, mutatuluka n'kupita patali ndithu ndi ofesi. Siikwanira gulu la anthu anayi. Ndipo akakuimbirani mwadzidzidzi muli pa desiki, musayankhe mafunso monong'ona. Nenani kuti, "Zikomo pondiimbira, panopa ndili pakati pa ntchito, ndingakuimbireni 12:30?" Palibe wanzeru amene angakwiye nazo.

Za zovala n'zachidule. Ngati masiku onse mumavala wamba ndiye tsiku limodzi mwatulukira mutatchena ndi jekete, ofesi yonse idziwa musanakhale pansi. Mukatenga theka la tsiku, jeketeyo ikhale m'chikwama.

Pakamwa napo samalani. Mnzanu amene wakupatsani nzeru ya mwana uja, ngati ndi wa pantchito pomwepo, ndiye kuti nkhani yanu ili kale ndi anthu awiri. Isafike kwa wachitatu. Sikuti anzanu ndi oipa, koma nkhani yotere imapulumuka yokha pocheza. Pa fomu yofunsira ntchito, akafunsa ngati angalankhule ndi abwana anu apano, lembani kuti adikire mpaka atakupatsani ntchitoyo, ndipo perekani maina a amene munagwira nawo kale. Pempho limeneli ndi lachizolowezi. Ngati muli pa LinkedIn, tsamba la pa intaneti la nkhani za ntchito, chizindikiro cha Open to Work chosonyeza kuti mukufuna ntchito chili ndi njira ziwiri: china chimaoneka kwa aliyense pachithunzi chanu, china kwa olemba anthu ntchito okha. Sankhani chachiwiricho, podziwa kuti eni ake a LinkedIn amanena okha kuti sangalonjeze kuti a kampani yanu sadzachiona.

Chinanso, achemwali: masiku anu atchuthi ndi owerengeka, ndiye si intavyu iliyonse yoyenera kuwadya. Mukuchoka chifukwa cha malipiro. Musanataye tsiku, funsani pafoni kuti ntchitoyo malipiro ake ali pakati pa zingati ndi zingati. Akatchula ndalama yofanana ndi imene mukulandira, thokozani n'kusunga tsiku lanu. Mukamathamangira paliponse mutopa, ntchito ya panoyo iyamba kulowa pansi, ndipo mapanga awiri avumbwitsa. Kalata yosiya ntchito musaipereke chifukwa wina wakuuzani pafoni kuti mwapambana. Dikirani kalata yolembedwa, yokhala ndi malipiro ndi tsiku loyamba, muiwerenge, musaine, kenako mupereke notisi monga mwa kontirakiti yanu.

Za dzino la mwezi watha, simukuyenera kukaulula. Ingolekerani pomwepo.

Achemwali,

Ine ndimagwira ntchito ya mashifiti pafakitale, ndangotha miyezi inayi ndipo masiku atchuthi sindinayambe kupatsidwa. Andiitana ku intavyu m'mawa wa tsiku limene ndimaweruka shifiti ya usiku 6 koloko. Ndipite osagona?

Mlongo wanu wa mashifiti

Achimwene, ngati pali njira ina, musapite osagona. Ndafunsapo anthu ochokera ku shifiti ya usiku. Maso amakhala ofiira, funso losavuta amalimva kawiri, ndipo amene sakudziwa chifukwa chake amangolemba kuti munthuyu ndi wozizira. Inu muli ndi mwayi umene a mu ofesi alibe: masiku ena mkati mwa sabata mumakhala omasuka masana. Tengani ndandanda ya mashifiti anu, sankhani masiku awiri amene mwapuma kapena mukulowa madzulo mutagona mokwanira, muwatumizire. Akakana, pemphani kuti ikhale masana a tsiku lomwelo kuti mugoneko maola anayi kapena asanu. Zikakanikanso, sinthanani shifiti ndi mnzanu, koma mudutse kwa kapitawo kuti zilembedwe, chifukwa mnzanuyo akapanda kubwera dzina lojomba lidzakhala lanu. Mukhozanso kupempha tsiku losalipidwa. Ndalama ya tsiku limodzi imapweteka, koma munthu amene akadali pa miyezi yoyesedwa kujomba popanda chilolezo kungamuchotsetse ntchito asanapeze inayo. Ndipo ngati mwafika ndithu mutachezera, auzeni poyamba pomwe kuti mwachokera ku shifiti ya usiku. Ife tikamva zimenezo timamuona munthu mosiyana.

Achemwali,

Bwanji osangowauza abwana zoona kuti ndikufuna ntchito kwina? Ine kubisa kumandilemera.

Wowerenga wanu

Nthawi zina n'zotheka, ndipo zikatheka zimapepukadi. Ngati kontirakiti yanu ikutha miyezi ikubwerayi, kapena kampani yalengeza kuti ichepetsa anthu, nenani poyera. Abwana ambiri amakupatsani nthawi, ena amakulemberani ndi kalata yokuchitirani umboni. Ngatinso abwana anu munawaonapo akuthandiza munthu wina kupita patsogolo, osamusungira chakukhosi, mukhoza kuwakhulupirira.

Koma musanatsegule pakamwa, kumbukirani munthu womaliza amene anadziwika kuti akufuna kuchoka pamalo panupo. Zinamuthera bwanji? Anapitiriza kuitanidwa kumisonkhano? Maphunziro amene anamulonjeza anapitabe? Kufufuza ntchito kumatenga miyezi, nthawi zina chaka, ndipo mukhoza kulephera ma intavyu asanu musanapambane imodzi. Nthawi yonseyo mudzakhala mukugwira ntchito ndi munthu amene akudziwa kuti mtima wanu uli kwina, ndipo ngakhale ali wabwino, akamagawa maudindo kapena kukweza malipiro adzayamba kuganizira amene akukhala. Abwana anga aja, amene anandimalizira lipoti, ndikanawapempha tsiku akanandipatsa, ndipo sakanafunsa kumene ndikupita. Zimene ndikanawauza ndi zomwezo: ndikupempha Lachitatu, ndili ndi nkhani zanga. Zakuti ndikuchoka ndikanawauza tsiku limene kalata ya ntchito yatsopano inafika m'manja mwanga, iwo asanamve kwa wina aliyense, nditakhala pansi mu ofesi mwawo chitseko chili chotseka.